Tsiku Limene Filomena Anagwada

Amene anakwerapo basi yodutsa pa Nyimba zaka zapitazo ayenera kuti anamuona Filomena. Ndi mayi uja ankathamanga ndi lichero la nthochi pamutu, n'kufika pawindo basi isanaime n'komwe, anzake akumangabe zitenje. Makolo ake anachokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo, iye n'kubadwira kuno. Miyendo yakeyo ndi imene inkadyetsa ana.

Ndiye tangoganizani, ngolo yodzaza nthochi inagubuduka potsetsereka n'kumupsinja msana. Anatsitsimukira m'chipatala, miyendo ili zii ngati ya munthu wina. Madokotala anati mtsempha wa mumsana wavulala koma sunadukiretu.

Mayi Wendy, ophunzitsa odwala kuyenda, sankanyengerera munthu. Anayamba ndi kumukhazika m'mphepete mwa bedi osagwira kanthu. Kenako kuimirira pakati pa zitsulo ziwiri, thukuta lili kamukamu, kenako kukoka phazi pang'onopang'ono maso ali kutsogolo. Pomutulutsa anamuchenjeza.

"Kunyamuka pampando mwaziba, amai. Koma kugwada sitinafikeko. Olo abwele ndani, musagwade."

Kunyumba mwamuna wake Bwezani anazika mitengo pambali pa nyumba n'kupingasa ina iwiri yogwirira. Filomena ankayendamo m'mawa ndi madzulo mpaka pansi panakumbika kanjira.

Koma kwawo kwa Bwezani, ku Kaumbwe cha ku Petauke, nkhani inali ina. Ankati mwana wawo wasanduka wantchito wa munthu wosayenda, ndipo mkazi wina anali atamuonera kale. Uthenga unafika woti bambo Stanislaus, bambo ake a Bwezani, akubwera kudzatenga mwana wawo. Filomena anachita mantha zedi, poti Bwezani, ngakhale anali munthu wabwino, anali wofewa ngati nthochi yakupsa. Chibadwire sanawakanirepo kanthu bambo ake.

Mkuluyo atafika anakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, osafunsa n'komwe za wodwala. Posakhalitsa chitseko chinatseguka. Filomena anatuluka, ndodo kudzanja lamanja, kapu ya madzi kumanzere, n'kuyamba kudutsa bwalo. Bambo Stanislaus anangoti kukamwa yasa. Iwo anauzidwa kuti mpongozi wawo amachita kunyamulidwa.

Filomena anafika ndithu, madzi osatayika. Ndiye thupi linachita zimene linazolowera chichokereni ku chinamwali. Maondo atagunda pansi m'pamene mawu a mayi Wendy anamufikira.

Mkuluyo anamwa madzi. Filomena anati adzuke, mwendo wamanzere unakana. Anayesanso, ndodo inaterereka, iye n'kugwera pamanja. Miyezi yonse ija ya thukuta, n'kudzadzigwetsa yekha pamaso pa munthu amene wabwera kudzaona ngati ali wakugwa!

Bwezani anadumpha kuti amudzutse.

"Osanigwila!" anatero Filomena. Ankadziwa kuti akangomunyamula ngati thumba bambo ake akuona, banja lathera pomwepo.

Bwezani anabwerera m'mbuyo. Mkuluyo sakanatha kutambasula dzanja, poti mpongozi sakhudzidwa. Anayang'ana mayi ali chigwadire m'fumbi, n'kuyang'ananso mitengo ija ndi kanjira kokumbika pakati pake.

Kenako anachita chimene Bwezani sanachionepo. Anaimirira, anakankhira mpando patsogolo pa Filomena, iwo n'kukhala pansi padothi, miyendo tambalale, nkhope atatembenuzira kumbali. Bambo Stanislaus, amene ngakhale pamaliro amawapatsa mpando!

Filomena anagwira mpandowo ndi manja onse. Anakoka phazi lamanja n'kuliponda, anadzikankha, n'kutembenuka n'kukhalapo. Atakweza maso m'pamene anazindikira zomwe zachitika. Iye anali pampando, apongozi ake ali pansi. Manyazi anamugwira kuposa pamene anagwa. Anatola ndodo msangamsanga n'kuimirira monga anamuphunzitsira, misozi ikutsika.

Mkuluyo anakhalabe m'fumbimo kwa kanthawi. Polankhula sanayang'ane aliyense.

"Bwezani."

"Atate."

"Mitengo yako ija yadyewa na chiswe. Ufuna mkazi wako akagwe nayo? Nizakutumizila ya mubanga, ija yolimba."

Madzulo Bwezani anawaperekeza kumsewu, thalauza lawo likadali lofiira ndi dothi kumbuyo. Basi ya ku Petauke anakwera okha.