Selina Nakoma ndi Beseni la Pamaliro

Selina Nakoma ndinamudziwa akali wokolopa pachipatala chaching'ono cha kwathu ku Bangwe. Anali wamng'ono kwa ine, koma Lachinayi tinkakhala benchi imodzi ku Mvano. Atachita maphunziro a zaumoyo anayamba kuyenda m'makomo, kukweza ana sikelo ndi kuthira mankhwala m'zitsime. Pofika 1998 ndiye ankayang'anira anzake asanu ndi mmodzi.

Chaka chimenecho, dzinja lili mkati, amuna anga a Laurenti anamwalira ndi kolera. Titabwerako kumanda anthu anadzaza pabwalo, ndipo amayi anatulutsa chakudya ndi beseni limodzi losambira m'manja. Timatero kwathu: amayamba akuluakulu, ana potsiriza, madzi omwewo.

Beseni lisanafike pa munthu wachitatu, Selina analitenga n'kukakhuthula kudzala.

A Venansio, mkulu wa mpingo, anatsala manja ali m'malere. "Mayi, zakhala bwanji? Matipate afika ndi pabeseni pomwe?"

Ena anaseka.

"Bambo, inu mumasamba madzi oyera," anatero Selina. "Ana awa asamba zotsala za anthu nonsenu. Matendawa pakhomo pano alowa kale."

"Ndiye ife ndi auve?"

"Sindinatero. Ndikuthirirani ndi jagi, aliyense payekha."

A Venansio anati maliro ali ndi eni ake, ndipo beseni likapanda kubwerera iwo anyamuka osadya. Akananyamuka, ambiri akanawatsatira, ndipo makomo a anthu a mpingo wathu akanamutsekera Selina. Iye anangoima, jagi ili m'manja. Maso onse analoza pakhonde pamene ndinakhala ine namfedwa.

Ine sinditha kulankhula pagulu. Ndinkangofuna kuti amuna anga aperekezedwe popanda mkangano. Koma kumapeto kwa mzere kunali adzukulu anga awiri. Ndinapemphera chamumtima, ndinadzuka pamphasa, n'kukatambasula manja pamaso pa Selina. Anandipatsa sopo, n'kundithirira.

Kenako a Venansio anapinda manja a malaya.

"Thirani, mayi. Koma manjawa asanunkhe chipatala."

"Anunkha ndithu, bambo," anatero Selina, akuthira.

Anayenda mzere wonse, kukatunga madzi ena mundowa kangapo, mpaka mwana womaliza. Iye sanadye. Ananditsanzika atagwada, n'kuuyatsa wa ku Namiyango, kumene kunali maliro ena masana omwewo.