Denga Lopanda Chiswe

Chaka chimene amuna anga anamwalira, nkhungu ya ku Mzuzu inkalowa mpaka m'nyumba. Ndikatsegula chitseko m'mawa, mitengo ya bulugamu ya ku Chibanja inkaoneka ngati ikuyandama, ndipo anthu opita ku ntchito ankangotulukira n'kuzimiriranso, "monire" wawo yekha n'kutsala pakhomo. Masiku amenewo ndimawakumbukira ngati maloto a munthu wodwala malungo.

Ine kwathu n'ku Ntcheu. Amuna anga anali mphunzitsi, mbadwa ya konkuno kumpoto, ndipo nyumba ya njerwa zootcha tinaimanga tili awiri. Ndinkafuna kuigulitsa mwakachetechete kuti ndibwerere kwathu ndi ana, azilamu anga asanamve, poti iwo ankaiona ngati yawo kale.

Ku ofesi ya za malo, kumene mabwana anali akadali azungu, kunali anzathu awiri akuda odziwa kuyesa mtengo wa nyumba. Woyamba anabwera, nagogoda khoma, nayang'ana kumwamba ali chiimire.

"Pepani amama, denga lonse ladyedwa ndi chiswe," anatero. Mtengo umene anatchula unali wa khola la mbuzi. Sabata yomweyo kunafika mlamu wake, akuti agule pondimvera chisoni.

Mtima unakana. Ndinaitana wachiwiri uja, bambo wamtali wolankhula Chichewa chokoka ngati akuimba, ndipo ndinamuuza zonse, za azilamu anga zomwe. Anavula nsapato n'kukwera kudenga. Ndinakhala pampando ndikumva akugogoda phaso lililonse pamwamba panga, pang'onopang'ono, mpaka ndinayamba kuwodzera, n'kumaona ngati ndi amuna anga abwera kudzakhoma malata. Anatsika mutu uli mbuu ndi fumbi.

"Amama, mapaso onse ndi olimba. Chiswe sichinapondemo."

Tinakhala pakhonde. Tiyi wake anazizira m'manja.

"Zimene wachita mnzangayu ndiyenera kukanena kwa akuluakulu," anatero. "Koma ndikanena, afunsa kuti nyumba yake ndi iti, mwini wake ndani, ndipo azilamu anu amva tsiku lomwelo. Zanu munandiuza mwachinsinsi. Sindingazitulutse inu musanalole."

"Ndiye musanene, adada."

"Chabwino. Koma mudziwe kuti mawa apita kwa wamasiye wina."

Sananenedi. Ankadutsa pa njinga pamsewu wathu, n'kuvula chipewa, osafunsa kanthu. Kukhala chete kwakeko n'kumene kunandilemera. Mvula yamawawa inkagwa tsiku lonse, zovala osauma pachingwe, ine ndikungoyendayenda m'zipinda, kugwira makoma, osadziwa ngati ndikutsanzika kapena ayi.

Tsiku lina pamsika, mayi wogulitsa nyemba ankauza mnzake kuti nyumba ya amayi ake ku Masasa aipeza ndi chiswe, ndipo pali munthu wachifundo amene akufuna kuigula. Ndinabweza nyemba zimene ndinali nditatola.

Ndinayamba ndapita kwa alamu anga aakulu, kuti amve zogulitsa nyumbazo kuchokera pakamwa panga. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anati nyumba ya ana a mng'ono wawo sigulitsidwa, koma palibenso amene anditulutsemo. Sizinali zimene ndinkafuna, komabe ndinatuluka thupi litapepuka.

Pochoka apo ndinapita ku ofesi kuja. Ndinampeza bambo wamtali uja panja, akupopa njinga.

"Adada, kaneneni."

"Yewo chomene, amama," anathokoza m'Chitumbuka, osasiya kupopa.

Anandiitana kukafotokoza pamaso pa mzungu wina wa maso otopa, ndipo ndinafotokoza. Woyamba uja anamuchotsa ntchito, nyumba ya ku Masasa sinagulitsidwe. Ndinamva kuti anzake a mu ofesi anamusala bambo wamtaliyo kwa nthawi, akuti wapereka mnzake kwa azungu, moti nkhomaliro ankadya yekha kuseri kwa ofesi.

Ku Ntcheu ndinkangopitako kukaona abale. Ana anakula akulankhula Chitumbuka, inenso ndinachiphunzira mochedwa, pamaliro ndi pazitsime, mpaka anthu anasiya kundiseka.