Feteleza Wopanda Utsi

Ndili m'munda mwanga masana, koma m'mizere monse mwaikidwa matailosi oyera ngati a m'chipatala. Mwana wanga Tiyamike, amene amachita kafukufuku ku yunivesite, waima pachulu atavala chikhoti choyera. Pambali pake pali makina aang'ono ngati osokera zovala, olumikizidwa ku sola.

"Amayi, iyi ndi amoniya, yomwe amapangira feteleza," akutero. "Ifeyo tikuipanga ndi mpweya, madzi ndi dzuwa basi. Palibe utsi."

Ndikusuzumira pansi pa makinawo kufuna phulusa, koma sindikulipeza. Chinthu chingapse bwanji popanda moto? Fungo lake ndi la m'khola la mbuzi, chonsecho mbuzi palibe.

"Nanga mpweyawo mukuutenga kuti?" ndikumufunsa.

"Ndi waulere, amayi." Akuyankha maso ali pakope lomwe akulembamo.

Thumba lomwe lili kukamwa kwa makinawo likufufuma n'kuphwa, kufufuma n'kuphwa, ngati chifuwa cha munthu. Ndikutsatira paipi yake. Yadutsa m'chimanga chomwe chikukula ine ndikuona, yakwera mumtengo wa mango, yalowa pawindo la kuchipinda kwanga. Pabedi pagona ineyo, paipi ili m'mphuno.

Tiyamike wafika kale kumutu kwa bedi ndi kope lake lija.

"Pumani bwinobwino, amayi. Mukutisokonezera zotsatira."

Ndadzidzimuka kutulo. Pafoni pali uthenga wake wa dzulo, woti abwera Loweruka ndi anzake kudzayesa kanthu m'munda mwanga. Ndauwerenga katatu, sindinayankhebe. Wangoti kanthu, sanatchule kuti n'chiyani.