Anapiye a Kumanzere

Kuntchito amangowatchula kuti Mayi Anapiye, ndipo dzinalo linawakhala. Amagwira pa fakitale yoswetsa mazira a nkhuku zoikira. Anapiye akangoswa amabwera nawo m'mathileyi akulira, ndipo mayiwa amatola mmodzimmodzi, kutambasula kaphiko, kuyang'ana nthenga: kathadzi kumanja, katambala kumanzere m'kreti. Manja awo anazolowera moti amasankha uku akukamba miseche ndi anzawo.

Amuna awo ndi okonza njinga, munthu woumira mawu. Chikwatiranire sananenepo kuti ndimakukondani; zimenezo amati n'za m'masewero a pa wailesi. Chimene ankachita n'chakuti m'mawa uliwonse ankadzuka iwo poyamba, kukazinga mazira ndi tomato, kuvundikira ndi mbale ina, kenako kutsokomola pakhomo la kuchipinda. Chikondi chawo chonse chinali chimenecho, ndipo mayiwo ankachidziwa.

Anamwino anali atawachenjeza mayiwo kalekale za kuthamanga kwa magazi, kuti achepetse zamafuta. Iwo ankangoti eya, eya, akatuluka n'kukagula soseji pageti pa chipatala pomwepo.

Ndiye tsiku lina bambo wonyamula makreti anadwala, ndipo kapitawo anauza mayiwa kuti akasiye okha kreti ya kumanzere kuseri. Kuti atambala a mtundu woikira alibe ntchito ankadziwa: saikira, sanenepa, kuwadyetsa n'kutaya chakudya. Koma kuseriko anali asanapondeko. Anapeza migolo yabuluu ili ndandanda. Munthu wa kumeneko analandira kreti, anakhuthulira mumgolo, n'kutsekapo chivundikiro. Kulira kunapitirira m'katimo, kukucheperachepera. Mayiwo anabwerera pamalo pawo, m'manja mwawo mukadali mofunda ndi anapiye omwewo.

M'mawa mwake anavundukula mbale n'kuona mazira. Anaikankhira uko.

Anayamba ndi kusiya mazira, kenako nyama. Mkaka anausiya atafunsa mnzawo amene anagwirapo pa famu ya ng'ombe kuti ana a ng'ombe amphongo amapita kuti. Mnzawoyo anangoti, "Mukufunsiranji zimene mukuzidziwa?" Kuyambira pamenepo mphika wawo unali wa nyemba, nandolo, soya, mtedza ndi masamba. Anzawo kuntchito sanachedwe kuwaseka. "Ee, tili ndi mbuzi m'gulu muno! Mawa tikumwetereni udzu?" Iwo ankaseka nawo. Mutu umene unkawawawa masana unayamba kusiya, mapazi anaphwa, ndipo anamwino atawayeza anawafunsa kuti asintha chiyani.

Koma panali chinthu chimodzi chimene analakwitsa: sanawauze amuna awo chifukwa chake. Manyazi! Angayambire pati, pamene dzanja loponya kumanzere linali lawo lomwe? Ankangoti, "Lero sindikufuna."

Bambowo anayesa kuthiramo anyezi. Anayesa kuwiritsa m'malo mokazinga. Mpaka anagula chiwaya chatsopano, poganiza kuti chakale chija chayamba kununkha. Mbale inkabwererabe osakhudzidwa. Tsiku lina sanadzukenso kukaphika, ndipo kutsokomola kwa pakhomo kunatha. Anayamba kulawirira kuntchito, kukadyera komweko, kubwera madzulo n'kungoti, "Mwaswera?" Nyumba inazizira. Mayiwo anachita mantha, chifukwa anaona kuti mwamuna akuwachoka ali m'nyumba momwemo.

Zinaphulika Lamlungu masana. Bambowo anali pakhonde akumata chubu cha njinga, beseni la madzi lili pakati pa miyendo. Analankhula osadzutsa mutu.

"Mayi, ngati mwatopa nane, mungonena. Ine si mwana."

"Aa, bambo, mawu amenewo achokera kuti?"

"Chakudya changa mumachikana. Munthu akakana chakudya chako wakana iwe."

Mayiwo anakhala pansi pakhonde pomwepo n'kufotokoza zonse: kreti, migolo, chivundikiro, kulira kuja. Anafotokoza mosakometsera, misozi ikungotsika yokha. Bambowo anamvetsera mpaka pamapeto.

"Nanga mawa mupitanso?"

"Ndipita. Ntchito ina ndikufunafuna, sindinaipeze."

"Ndiye kuti kudya simudya, koma kusankha mumasankha."

Mawuwo anawalasa, poti anali oona. Funso lomwelo linkawavutitsa okha m'basi m'mawa uliwonse.

"Inde," anayankha. "Manjawa ndinawagulitsa kwa abwana. Pakamwa pokha ndi pamene patsala panga."

Bambowo anabwerera ku ntchito yawo. Anamiza chubu m'madzi, n'kumachitembenuza pang'onopang'ono kufunafuna pobooka. Mayiwo analowa m'nyumba osadziwa ngati akonza zinthu kapena aziwonongeratu.

Kutacha anadzidzimuka ndi utsi. Anathamangira kukhitchini akuyesa kuti nyumba yapsa. Anapeza bambo ali chilili, maso ofiira, akukupiza utsi ndi chivundikiro cha poto. M'chiwaya munali mbatata zoduladula ndi tomato, kunja zakuda bii, m'kati zosapsa. Munthu wa mazira okhaokha moyo wake wonse, mbatata anaiyesa kuti imapsa msanga ngati dzira.

"Bwererani kuchipinda," anatero mokalipa. "Sindinakuitaneni."

Anabwerera, nakhala pabedi. Anamva mbale ikugunda patebulo, ina ikuvundikira pamwamba. Kenako bambowo anaima kuseri kwa chitseko.

"Musandiyese woyera," anatero ali komweko. "Ine nyama ndizidyabe kuntchito. Koma m'mbalemu simunafe kanthu."

Mayi Anapiye anatuluka, anakhala patebulo, n'kudya mbatata zaziwisizo zonse, zikuchita kulira m'mano. Tsiku limenelo basi inawasiya, ndipo kapitawo anawakalipira pamaso pa anzawo. Iwo anapepesa, anavala epuloni, n'kutola mwanapiye woyamba.