Ndinamuletsa bere chifukwa cha chisankho

Ndowa yanga ndinaipeza ili pambali, yovundikira, m'matope momwe nkhumba zimamwa madzi otayikira.

M'mudzi mwathu, ku mjigo umakasiya ndowa pa mzere m'mamawa, n'kubwerera kukasesa pakhomo, ndipo palibe amene amasuntha ndowa ya mnzake. Ngakhale munatukwanana dzulo, ndowa ilibe mlandu. Ndiye nditaona yanga ili apo, ndinayang'ana pa mzere. Azimayi anali ambiri ndithu, koma onse anali chete, kumangomveka chitsulo cha mjigo. Ndinapereka moni. Anayankha ndi mmodzi yekha, nayenso akuyang'ana kumbali. Kenako wina kumbuyo anati, "Ena ali ndi mjigo wawo kutsidya, bwanji osakatunga komweko?" Wina anaseka m'mphuno. Ndinatola ndowa, kuitsuka, kukaima kumapeto kwenikweni, mwana ali kumsana akundikoka khutu.

Linali tsiku lachiwiri chitulukire zotsatira za chisankho. Pa mpando wa khansala m'dera lathu ankalimbirana anthu awiri. Wina anali mphunzitsi wopuma, atsibweni awo a amuna anga, wa m'mudzi mwathu mommo. Winayo anali mayi wa chigayo wa kutsidya kwa mtsinje, wa chipani china. Mudzi wonse unagwirizana kuti mavoti a pasukulu pathu ndi a aphunzitsi, lisaduke ngakhale limodzi. Koma aphunzitsi anagwa, ndipo anagwa pang'ono pokha, zomwe zimawawa kuposa kugweratu. Tsono pepala lomwe anamata pa chitseko cha sukulu linaonetsa kuti pakati pathu pomwepa panali ena omwe anachonga mayi uja. Ochepa, oti zala za manja awiri sizingathe. Anthu anayamba kuwerenga zalazo ndi maina. Anayambira kwa obwera, akamwini ndi atengwa. Ine ndine mtengwa. Kwathu ndi ku Nachisaka, ku Dowa, kuno ku mapiri a Ntchisi ndinabwera ndi banja.

Amuna anga kunalibe. Anali atapita ndi mabelo a fodya ku okushoni, akugona pa mzere wa malole, foni yawo yozima tsiku lachitatu.

Ndinene pano zomwe sindinauzepo munthu. Ndinachongadi mayi uja. Mapepala enawo ndinachonga monga anatiuzira, koma la khansala dzanja linakana. Chaka chapitacho, nthawi ya mvula, mwana wanga wamng'onoyu anakomoka ndi malungo, maso kutembenuka, msewu uli phala lokhalokha. Galimoto imene inaima inali lole ya mayi ameneyo, itanyamula chimanga. Anatsika yekha, kundikweza kutsogolo, iye kukhala pamatumba kumbuyo mvula ikumukwapula mpaka ku chipatala cha ku Boma. Sanandifunse kuti ndine wa mudzi uti. Ndiye m'kachipinda kovotera muja nditaona nkhope yake, ndinangochonga msanga, n'kupinda pepalalo kanayi. Ndinkati andiona ndani.

Palibe anandiona. Chomwe chinandigwiritsa ndi nsalu.

Nthawi ya misonkhano zipani zonse zinkagawa nsalu, ndipo ife tinkangolandira, nsalu ndi nsalu. Ya chipani cha kutsidya ndinailandira pa msika wa Kasakula. Pambuyo pake kunabwera mawu akuti aliyense amene ali nayo aing'ambe, ikhale sanza zopukutira. Anzanga anang'amba. Ine ndinaiyang'ana, yatsopano, yolimba, kuzizira kwa m'mapiri kuno kukubwera, bulangete lathu ndi limodzi lobooka. Ndinaisunga. Ndinkawafunditsa ana mkati mwa bulangete, m'mawa n'kuipinda kuilowetsa pansi pa mphasa. Mwana wanga wamkulu, wamkazi wa zaka zisanu, ndinamuuza kuti asamauze anthu. Kulakwa kwanga kunali komweko. Mwana ukamuuza kuti usanene, wamupatsa nkhani.

Masana a tsiku la ndowa lomwelo tinaona utsi m'mudzi wapafupi, kumtunda. Chigafa cha mkamwini wina chinapsa ndi fodya yense, dzuwa lili pamutu. Ati ana ankawotcha mbewa. Mbewa zanji udzu usanaume? Ndinaima pakhomo n'kuyang'ana denga lathu la udzu, n'kuyang'ana chigafa chathu chomwe chinatsamira nyumba ngati mwana pa mayi ake, n'kuyang'ana kachipinda komwe ana amagona, kopanda zenera. 

Chakumadzulo ndikuchokera kotola nkhuni ndinapeza alamu anga, mng'ono wawo wa amuna anga, atakhala pa khonde langa. Iwo ndiwo ankatsogolera anyamata a chipani, mawu anali atasasa ndi kuimba kwa mwezi wonse. Ankamusendera nzimbe mwana wanga wamkulu, mokoma mtima, kumudulira timfundo ting'onoting'ono. Ndinaima kuseri kwa nkhokwe mtolo uli pamutu.

"Nanga kuzizira konseku, usiku mumafunda chiyani?"

"Bulangete. Ndi nsalu ya amayi yobisa."

"Yobisa? Ee, yokongola?"

"Ya kutsidya. Koma amati tisamauze anthu."

"Usamauzedi, wamva? Ndiwe wanzeru iwe."

Ndinaponya nkhuni pansi kuti amve kuti ndafika. Alamu anadzuka akumwetulira, akupukuta mpeni pa buluku.

"Alamu, mwana wanuyu adzakhala khansala ameneyu, sabisa mawu. Mawa madzulo tikuyenda nyumba ndi nyumba, kungocheza ndi abale. Mutiphikireko tiyi. Ndipo kamtsikanaka kadzakhalepo, kamandisangalatsa."

Ndinati, "Chabwino alamu, mudzatipeza." Ndinaseka nawo. Sindidziwa kuti kuseka kumeneko ndinakutenga kuti.

Ndinaganiza zoiwotcha nsaluyo, koma khitchini yanga inayang'anana ndi ya apongozi, ndipo nsalu ikamapsa fungo lake aliyense amalidziwa. Ndinaganiza za chimbudzi, koma timagwiritsa ntchito mabanja atatu, ndiponso chinali chitatsala pang'ono kudzaza. Kukwirira, dothi latsopano limaoneka. Kenako ndinazindikira kuti ndikuvutika ndi chinthu chaching'ono. Nsalu ingathe kusowa, koma pakamwa pa mwana sungapakwirire. Adzamuika pakati pa anyamata oledzera, adzamufunsa, iye adzayankha mokondwa poganiza kuti akukhoza mayeso. Ndipo akadzabwera ndi machesi, kaya tsiku lomwelo kaya lina, sadzayamba afunsa kuti m'nyumbamo mwagona ndani.

Ana anayenera kuchoka. Koma kuchoka ndi chikwama pamutu ndi kuvomera mlandu.

Kutacha ndinavala nsalu ya kutsidya mkati, kuimanga kwambiri m'chiuno, pamwamba pake n'kuvala ya chipani cha aphunzitsi. Wamng'ono ndinamubereka ndi mbereko yake yakale. Sindinatenge kanthu, koma mabuku awo a kusikelo okha omwe ndinalowetsa m'bulauzi. Ndinapita kwa apongozi, ndinawapeza akutokosa moto, ndinagwada.

"Amayi, ndaganiza zomuletsa bere mwanayu. Ndikamusiye kwa agogo ake ku Nachisaka sabata ziwiri, aiwale. Mkuluyu apite nawo azikamusewera."

Ndi mmene timachitira, mwana akakana kusiya bere umakamusiya kwa amayi ako. Ndipo apongozi anali atandivutitsa miyezi yambiri kuti mwana wa mano onse akuyamwabe ngati mbuzi, zaka ziwiri zatsala pang'ono kukwana. Ine ndinkakana, chifukwa chidwalire malungo aja ndinkaona ngati bere ndi lomwe likumusunga.

"Lero?" anatero. "Miyezi yonseyi ndimalankhula ndi khoma, lero ndiye makutu atseguka?"

"Wayamba kuluma, amayi."

Anandiyang'ana kumaso. Aphunzitsi aja ndi mchimwene wawo weniweni, bere limodzi, ndipo chigwere iwo apongozi anali asanadye bwino. Maso awo anatsika, anafika pa mapazi anga, anaima. Nanenso ndinayang'ana. Pogwada paja nsalu yamkati inali itasuzumira, kampendero kokha, ngati chala.  Ndinati basi, akuwa.

Anadzuka, anabwera, anandigwira m'chiuno mwankhaza ngati akumanga mtolo, n'kukokera nsalu yamkatiyo m'mwamba, yakunja n'kuitsitsa.

"Mtengwa wamkulu osadziwa kumanga nsalu. Mphepo ya m'phiri imavula anthu." Kenako motsitsa mawu, osandiyang'ana, "Adzukulu angawo akafike. Koma inu mubwere lero lomwe. Nyumba yotseka imalankhula."

Njira yotsikira ku mtsinje imadutsa pa kagolosale pomwe anyamata aja ankakhala. Ndinali nditathyola nzimbe, ndipo tisanafike ndinamudulira mkuluyo chimfundo chachikulu n'kumuuza kuti akachimaliza tisanawoloke ndimupatsa china. Anadzaza nacho m'kamwa, madzi akuyenderera pachibwano. Ndinamugwira dzanja mpaka anati ndikumupweteka.

"Alamu! Ulendo wa kuti m'mawa muno? Tiyi wathu uja bwanji?" anakuwa alamu anga aja ali pakati pa anzawo.

"Tiyi alipo, madzulo mundipeza. Ndikukataya bwana uyu kwa agogo ake, wandimaliza mabere."

Anaseka onse. Wina anati, "Achimwene akabwera ku okushoni apeze malo, eti?" Anasekanso. Alamu sanaseke kwambiri. Anayang'ana mwana wamkazi uja, anayang'ana manja anga opanda katundu, anayang'ana nsalu ya atsibweni awo ili pathupi panga.

"Kamtsikanako kasiyeni, katsale ndi ife."

"Ndiye uyu akalira akamutonthoze ndani? Amayi anga ndi a miyendo yotupa. Kapena mupite ndinu, alamu, mukamubereke?"

Anzawo anawawowoza, wina mpaka anawaponyera chitenje kuti ayesere. Ine ndinadutsa. Sindinathamange. Msana wonse unkandiyabwa podikira kuti wina aitane, koma ndinayenda ngati munthu wopita kumunda mpaka njira inakhota.

Ku mtsinje vuto linatembenuka. Kutsidya ndi kwawo kwa mayi wopambana uja, ndipo kumeneko kunali ng'oma chitulukire zotsatira. Tinali titamva kuti mtsikana wina wa m'mudzi mwathu anamuvula nsalu ya aphunzitsi pamsewu, anabwerera kwawo atadziphimba ndi thumba. Ndiye ndinalowa m'bango, mwana ali kumsana, ndinamasula zonse ziwiri, yamkati kuibweretsa kunja, yakunja kuilowetsa mkati. Mkulu uja anachotsa nzimbe kukamwa.

"Amayi, lero sitikubisa?"

"Lero tikubisa inayo. Tafuna nzimbe."

Tangokwera mtunda, azimayi ena omwe ankamenya mtedza pabwalo anandiona, nthungululu. "Wathu uyu! Bwerani mayi, tavinaniko pang'ono!" Mmodzi anandigwira mkono. Ndinavina. Ndinaponda kawiri katatu, mano ali panja, maso ali kumsewu, chifukwa njinga za kabaza za m'mudzi mwathu zimadutsa pomwepo, ndipo akanangondiona mmodzi ndikuvina mu nsalu imeneyo, sindikanapezanso nyumba. Ndinanamizira kuti mwana watentha thupi, anandisiya. Pa Kasakula ndinasankha wa njinga yamoto yemwe nkhope yake sindinkaidziwa, mkulu pakati, ine kumbuyo, wamng'ono kumsana, fumbi lokhalokha mpaka ku Nachisaka.

Amayi ndinawapeza akukumba mbatata. Ndinawauza zonse ndili chiimire, mawu akuthamangitsana. Sanandikalipire. Anangoti, "Vula." Ndinavula nsalu ya kutsidya ija, anaitenga, anaiyala pansi n'kuthirapo mtedza kuti uume. Kwathuko ndi dera lina, khansala wina, mikangano ina. Nsalu yomwe inatsala pang'ono kuwotcha ana anga inangokhala choyanikira mtedza, nkhuku zikupondapo.

"Ugone," anatero amayi.

"Ndikagona ndiye kuti ndathawa. Ndikathawa, mawa kulibe nyumba, kulibe chimanga, ndipo adzabwera kudzafunsa ana kuno."

Ndinamutengera wamng'ono kuseri kwa nyumba, ndinakhala pa mtondo wogwa, ndinamupatsa bere. Anayamwa mwaulesi, akusewera ndi batani la bulauzi, osadziwa kanthu. Ndinamusinthira linalo ngakhale anali atakhuta. Ndinkafuna amalize mkaka wonse. Atagona ndinamugoneka pa mphasa ya amayi, ndinaika mabuku a kusikelo pansi pa mtsamiro. Wamkulu ndinamugwira mapewa.

"Iwe ndiwe mayi wake tsopano. Akalira umuimbire. Munthu aliyense akakufunsa za kwathu, uziti funsani agogo."

"Ngakhale atandipatsa nzimbe?"

"Makamaka akakupatsa nzimbe."

Amayi anandibwereka nsalu yawo yakale ya kutchalitchi kuti ndiphimbire ya aphunzitsi podutsa kutsidya. Ndinatuluka chakumbuyo, kudzera m'munda, kuti mwana akadzuka asaone komwe ndalowera. Sindinacheuke.

Pofika ku mtsinje dzuwa linali litapendeka, mabere atalimba gwa ngati miyala, mkaka ukudontha wokha mpaka kunyowetsa m'chiuno. Ndinalowanso m'bango muja, ndinavula ya kutchalitchi n'kuibisa momwemo, ndinakwera phiri ndi nsalu imodzi yokha ya mudzi wathu. Ndinafika anthu akuona. Ndinatsekula chitseko mpaka kukhoma, ndinatulutsa mphasa zonse ndi bulangete n'kuziyanika pabwalo poyera, kuti wofuna kusuzumira pansi pake asavutike. Kenako ndinakoleza moto, ndinateleka madzi a tiyi, n'kukhala pa khonde manja ndili nditapanikiza pachifuwa, kudikira alendo anga.