Galimoto Yopendekera Kumanja

Risiti yake ndikadali nayo. Ili mu sutikesi, pamodzi ndi buku la galimotoyo, mapepala a msonkho wa pamsewu, ndi makuponi a petulo amene anatha ntchito ndisanawagwiritse. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa mu Highfield muno muli anthu, ana a aja ankandinena, amene mpaka lero amati galimoto ija ndinachita kupatsidwa ndi azungu. Sindinapatsidwe. Ndinagula, ndi thukuta la ku fakitale ya mabedi ku Southerton, kumene ndinasenza zitsulo mpaka phewa lamanzere linatsika.

Inali nthawi imene nkhondo yomenyera ufulu inali itafika poipa, chaka chimene anayamba kudula mapuloti kutchire kuja kumene lero kuli Glen View. Aliyense wopatsidwa puloti ankayenera kumanga yekha. Ndinaona kuti anthu amenewo adzafuna wowanyamulira njerwa, mchenga, zitseko ndi malata. Komanso magalimoto ankangofera m'misewu, poti zipangizo zatsopano sizinkalowa m'dziko, ndipo wowakoka anali wosowa. Maganizo amenewa atandilowa ndinasowa mtendere. Ndikaweruka sindinkapita kunyumba, ndinkazungulira m'magalaja kumasuzumira pansi pa magalimoto a eni.

Amene anaipeza ndi mlamu wanga, mchimwene wa mayi akunyumba, amene ankagwira ntchito ya njanji n'kumakhala ku Lochinvar. Anamva kuti mzungu wina wa pulazi akuthawa nkhondo ndipo akugulitsa katundu pabwalo la mbale wake m'tauni. Tinapita Loweruka.

Inali pikapu yaikulu, ya mtundu wa ku Amereka koma yomangidwa ku Joni, kumbuyo kwake kotakata koti mukhoza kugonekamo bedi n'kutsalabe malo. Inali ndi chitsulo chokokera chonenepa ngati mkono. Penti yake inali yobiriwira mothimbirira, yosawala, ndipo pamawindo panali waya wa sefa. Pansi, poponda mapazi, panali matumba a mchenga ndi zidutswa za lamba wonyamulira miyala kumgodi. Itaima pamalo osalala inkapendekera kumanja.

"Mlamu, iyi yabadwa ngati inu," anatero mlamu wanga. "Phewa limodzi pansi. Mukwatirane basi."

"Yang'anani injini, musiye phewa langa."

Anamvetsera injini, n'kunena kuti ili ndi moyo, ndipo kupendekerako ndi sipuling'i yotopa chabe. Mzunguyo ankangoyang'ana wotchi. Nditamuuza kuti ndikufuna risiti yolembedwa ndi dzanja lake, yokhala ndi nambala ya injini, anaseka. Ndinaima pomwepo osasuntha mpaka analemba.

Ndinkaganiza kuti ndikalowa mumsewu wathu ana athamangira galimotoyo, monga ankachitira ndi lole ya malasha. Anathamangadi, koma kuthawa. Amayi amene anali pamipanda analowa m'nyumba. Pofika pageti panga msewu wonse unali zii, ndipo mayi akunyumba anatuluka akupukuta manja, nkhope ili gwa.

"Abambo, ndimayesa kwabwera asilikali."

Kutsidya kwa msewu kunkakhala bambo wina wa Chishona, wogwira ntchito mubutchala kumasitolo a ku Machipisa, munthu amene ankabwereka wilibala yanga ngati yake. Madzulo ake anabwera, anaizungulira galimotoyo, n'kufunsa kuti yachokera kuti. Ndinalowa m'nyumba, ndinatenga mapepala onse, ndinamutambasulira. Anaika manja kumbuyo.

"Pepala alemba ndi iwo omwe, baba," anatero. "Ine ndikuona galimoto."

Mawa lake ndinapeza munthu atalemba ndi chala pafumbi la chitseko mawu amodzi: mutengesi. Ndiko kuti wogulitsa anzake. Amene sanakhaleko masiku amenewo sangadziwe kulemera kwa mawu amenewo. Ankatha kuotchetsa nyumba, ana ali momwemo. Ndipo ife ochokera ku Malawi tinali kale ndi mbiri yoti ndife a mzungu, mabhurandaya monga ankatitchulira, obwera osadziwa za dziko la eni, ngakhale ana anga onse anabadwira pachipatala cha mu Highfield momwemo. Ndinafufuta ndi chipewa. Tsiku linalo anali atalembanso.

Ntchito sinabwere. Ndinkaiimika ku mapuloti atsopano kuyambira m'mawa, tcheni chili kumbuyo, koma anthu ankandidutsa n'kukalemba anyamata a zingolo zokankha. Ku Machipisa galimoto ya munthu inafa pamaso panga, mwini wake anasankha kuikankha ndi abale ake kusiyana n'kuti ndiikoke. Ndikabwerera kunyumba sindinkakhala pansi. Ndinkatuluka, kuiyang'ana, kulowa, kutulukanso. Petulo inkamwa ngati ili ndi chibowo, makuponi akungotha osanyamula ngakhale njerwa imodzi. Kutchalitchi, benchi yathu inayamba kukhala ndi malo ambiri.

Masana ena ndili chogona pansi pake, kufunafuna sipuling'i yotopa ija, ndinaona mapazi opanda nsapato ataima pafupi ndi tayala. Anali mayi wina wochokera ku Tete, amene anali atangofika kumene kuthawa kumapulazi, ndipo ankagona m'kachipinda kakuseri kwa bambo wa butchala uja. Chichewa chake chinali chopendekera ku Chinyungwe, koma tinkamvana.

"Bambo, si sipuling'i," anatero. "Gogodani pansi pa mpando wa dalaivala."

Ndinagogoda ndi sipanala. Kunalira chitsulo chochindikala, chiphanthi chachikulu chowotchereredwa kuchokera kumapazi mpaka kuseri kwa mpando, chopakidwa phula kuti chisaoneke.

"Tsopano gogodani mbali inayo."

Kunalira lata wamba.

Anandiuza kuti galimotoyo ankaidziwa kuyambira ili yoyera, chifukwa inali ya pulazi imene ankagwirako ntchito ya fodya. Chitsulocho chinali choteteza mwini wake ku mabomba okwirira mumsewu, aja ankatchedwa chimbambaira, mbatata. M'matayala anathiramo madzi kuti aziziziritsa moto wa bombalo. Kumanzere kunkakhala kapitawo. Ndipo mzunguyo akamapita kulikonse, ankayamba waima pa komboni n'kukweza amayi ndi ana kumbuyo, kuti anyamata a m'tchire, omenyera ufulu aja, akaiona asaombere.

"Tinkapita kusitolo osagula kanthu, kudibi opanda ng'ombe," anatero. "Anthu a kuno sakuidziwa galimotoyi, akungoopa mtundu wake. Ine ndimaidziwa. Ndikaimva ikulira m'mawa, ndimayesa yabwera kudzatitenga."

Mayi akunyumba anali pakhomo, akumva zonse. Mlendoyo atapita, iwo ananditembenukira.

"Ndiye kuti Lamulungu lija munanditenga kupita kutchalitchi, ine ndinakhala pampando wa kapitawo?"

Ndinali nditakwiya kwambiri. Mzungu uja anandilembera nambala ya injini mosalakwitsa, koma sanandiuze kuti akundigulitsa chiyani.

Lamulungu lotsatira, titaweruka kutchalitchi, ndinaitulutsa pageti n'kuiimika pakati pa msewu kuti aliyense aone. Mlamu wanga anabwera ndi moto wodulira zitsulo umene anabwereka kwa mnzake. Tinataya mchenga, tinazula sefa wa pamawindo, tinasolola malamba aja. Titamasula matayala munatuluka madzi adzimbiri onunkha, amene anayenderera mpaka pageti la bambo wa butchala. Chiphanthi chija chinatenga masana onse, ndipo chitagwa pansi galimoto inadzuka ngati munthu wotula mtolo.

"Yachira, mlamu," anatero mlamu wanga. "Mwatsala inu."

Ndinaipala ndi sandipepa, n'kuipaka penti ya buluu ya zitseko, ndi bulashi. Inaoneka ngati kabati, koma sinaonekenso ngati ya nkhondo. Anthu anaonerera ali m'mipanda mwawo. Palibe anabwera kudzagwira ngakhale bulashi.

Penti isanaume bwino, bambo wa butchala anagogoda pageti, mayi wa ku Tete uja ali kumbuyo kwake. Anati amake a mayiyu, nkhalamba yosatha kuyenda, anatsala pa komboni. Mzungu atachoka chakudya chinasiya kuperekedwa, ndipo basi inaleka kufika kumeneko. Pakufunika galimoto.

"Poti mwationetsa kuti ndinu munthu wa anthu, baba," anatero, akuyang'ana pentiyo.

Ndinamva bwinobwino chimene ankatanthauza. Galimoto imene inali ndi chitsulo chotetezera kumsewu wa kupulazi ndinali nditangoivula ndi manja anga chifukwa cha anthu a mumsewu wathu, ndipo tsopano ankandituma kumsewu womwewo ili maliseche. Ndinamufunsa ngati apita nawo. Anati Loweruka kubutchala kumakhala anthu ambiri.

Atachoka ndinayendayenda m'nyumba mpaka mayi akunyumba anandigwira malaya.

"Khalani pansi, mukundizunguza mutu. Mukakana, tisamuka mumsewu muno tonse. Mukapita, mwina ndisamuka ndekha ndi ana. Ine sindikusankhirani."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa, awiri, ine ndi mayi wa ku Tete. Anafuna kukwera kumbuyo monga anazolowera, ndinamuuza kuti akhale kutsogolo, poti tsopano mbali zonse zinali chimodzimodzi. Pamsewu wa tala tinapeza asilikali atatseka njira. Anaona chitupa changa, anaona buku la galimoto, anafunsa kumene tikupita, mmodzi n'kupukusa mutu. Anatiuza kuti tikachedwa kubwerera dzuwa n'kulowa, asatipeze pamsewu.

Tala atatha ndinayamba kuyenda ngati nkhono. Mayiyo anati ndizitsata pamene paponda ng'ombe, chifukwa pamenepo pansi payesedwa kale. Koma ng'ombe siziyenda molunjika, ndipo galimoto ili ndi mapazi mbali ziwiri. Paliponse pamene dothi linkaoneka lofiira kuposa linzake ndinkaima, kutsika, kuyang'ana, osadziwa n'komwe chimene ndikuyang'ana. Penapake tinalambalala dzenje lalikulu, thirakitala yopsa ili chagada m'mbali mwake. Msana wanga wonse unanyowa. Matako sankafuna kukhudza mpando. Mayiyo ankaimba nyimbo ya tchalitchi chapansipansi, ndime imodzi yomweyo, mpaka ndinamupempha kuti asinthe.

Pa komboni anthu atamva kulira kwa injini anabisala, ngakhale inali ya buluu. Anatuluka ataona mnzawo akutsika kutsogolo. Ndinali nditauzidwa za nkhalamba imodzi yokha. Ndinapeza mabanja angapo atamanga kale mitolo, ngati kuti ankadziwa kuti tsiku lina kudzabwera chinachake. Ena anali a ku Dedza, ena a ku Angonia, anthu oti anakalambira pa fodya wa mwini ndipo analibe mudzi woti athawireko. Mkulu wina anandigwira dzanja ndi manja awiri n'kundifunsa kuti kwathu n'kuti. Nditatchula boma la kwathu anati, "Ndiye ndinu mwana wathu," basi nkhani ya malo inathera pomwepo.

Katundu sakanakwana. Kuseri kwa shedi kunali ngolo ya pulazi yabwinobwino, ya matayala anayi, ndipo anthu anati tiitenge. Ndinakana. Sinali yawo, sinali yanga, ndipo sindikanatha kuifotokoza kwa asilikali aja. Mkulu uja anali ndi ngolo yakeyake ya ng'ombe, ng'ombezo zitadyedwa kale. Tinaimangirira ndi tcheni changa kuchitsulo chokokera, tinasanjikamo mphasa, mapoto, makasu, mtondo ndi khola la nkhuku. Imeneyo ndiyo ntchito yoyamba yokoka imene galimoto yanga inagwira.

Nkhalamba ija tinaikhazika kutsogolo pakati pathu. Pobwerera ndinatsata mapazi a matayala anga omwe, koma ngoloyo inkapita uku ndi uku, kuponda pamene ine ndapewa. Ndikayang'ana pagalasi ndinkaona mitu ya ana kumbuyo, ndipo ndinkadana nako kuiona pamenepo. Nkhalambayo inagona tulo, mutu uli paphewa langa.

Tinalowa mu Highfield dzuwa likadalipo, ngolo ikulira ngati ikuphedwa. Nthawi iyi ana sanathawe. Msewu wonse unatuluka, amayi akulandira mitolo, ena akukangana kuti banja liti ligona kwa yani, a tchalitchi atabwera ndi tiyi mu ketulo yaikulu. Mayi akunyumba anangondipatsa madzi, n'kuima pafupi mpaka nditamaliza kumwa. Ndinatsamira galimoto.

Bambo wa butchala anatsitsa mtondo yekha, akadali ndi epuloni ya kuntchito. Kenako anabwera pamene ndinaima, n'kunena kuti mng'ono wake wapatsidwa puloti ndipo ali ndi njerwa zofuna kunyamula Lachiwiri. Anayankhula ngati tinasiyana dzulo tikuseka. Sanapepese tsiku limenelo, ndipo sanapepese tsiku lina lililonse.

Ndinamuuza kuti mng'ono wakeyo abwere yekha, masana, alowe pageti, akhale pampando m'nyumba mwanga, anene chimene akufuna anthu akuona. Anabwera Lolemba, chipewa chili m'manja. Lachiwiri ndinanyamula njerwa.