Mphatso yosalengeza maliro

Kampani yogula nandolo ija ya pa boma yatipatsa mphatso ya Khrisimasi. Zikomo kwambiri, mabwana. Chifukwa cha mphatso yanuyo, bambo anga sanaponye dothi m'manda a mlongo wawo.

Ndiyambe poyambira. Mu Ogasiti kunabwera mkulu wina wa kampaniyo kwathu ku Kaduya, pa njinga yamoto. Anati mlimi aliyense wogulitsa nandolo wake yense kwa iwo, osapatutsako kwa mavenda, adzalandira chipangizo chamakono chomverera. Bambo anafunsa ngati akunena wailesi. Iye anaseka, amvekere, “Kuposa wailesi, madala.”

Bambo anakhulupirira. Matumba onse anapita kumeneko. Wailesi yathu yakale, yomanga ndi mphira kuti mabatire asagwe, anapatsa alamu anga amene amasodza ku Chilwa. “Tengani, ine yanga yatsopano ili m'njira.”

Mudziwe kuti bambo satsegulira wailesi nyimbo. Amamvera mauthenga a maliro basi. Abale athu anamwazikana m'maesiteti, ndipo foni tilibe. Azakhali anga, mlongo wawo mmodzi yekhayo wa bambo, anali chigonere ku Thyolo. Ana awo anatiuziratu kuti zikavuta tidzamvera pa wailesi.

Lolemba la sabata ya Khrisimasi mphatso inafika. Kabokosi kokongola, riboni pamwamba. M'katimo kanthu kofanana ndi chala changa, ndi tizingwe tiwiri toika m'makutu. Ati MP3. Polowetsa mabatire palibe. Posakira siteshoni palibe. Munali nyimbo zitatu zachizungu. Zinalira theka la ola, kenako zii.

Lachiwiri ndinapalasa njinga kuyambira 6 koloko. Pofika 8 koloko ndinali pa geti la kampaniyo. Mlonda nayenso anali atavala kake m'khosi ngati korona. Ndinamufunsa ngati kakulira.

“Kanatisiya dzulo, chemwali. Ndangovala kuti abwana aone kuti ndinayamikira.”

Ndinakhala pa benchi mpaka 10:40. Kalaliki, mayi wina wa magalasi, anatenga kanthuko nakatembenuza, nandiuza kuti kalibe vuto lililonse. Ati kamangofunika kulumikiza ku kompyuta, kamwe moto, ndiponso nyimbo zimalowera komweko. Kenako anandifunsa ngati kwathu kulibe kompyuta.

Ndinati ilipo, timaigoneka m'khola pamodzi ndi mbuzi.

Sanaseke. Anandiyang'ana kuyambira ku patapata mpaka kumutu. “Iwe, sukulu unalekezera pati?”

“Folomu 2.”

“N'chifukwa chake.”

Inde mayi, ndinalekezera Folomu 2. Koma ndi Folomu 2 yangayo ndimadziwa kuti ku Kaduya kulibe magetsi. Inu a masatifiketi, zimenezi sanakuphunzitseni?

Abwana anatulukira 12:15, akutokosa m'mano. Ndinawafotokozera zonse, za azakhali zomwe. Ndinati sitikufuna zambiri. Atenge kanthu kawoko, atipatse kawailesi wamba, kangati tomwe tapachikidwa mu golosale ya kutsidya kwa msewu. Iwo anati mphatsoyi inasankhidwa ndi akuluakulu ku Blantyre atakhala pansi masiku awiri. Masiku awiri! Anthu akuluakulu, a matayi, osapezeka ngakhale mmodzi wofunsa kuti kodi mlimi akakatchaja kuti? Anati wailesi ndi zachikale, kampani ikufuna alimi ake apite patsogolo. Anatinso mphatso sabweza.

Atawona kuti sindikusuntha, anandichitira chifundo chachikulu. Ati ndizibwera nako Lachisanu lililonse, azinditchajira ulere pa kompyuta ya mu ofesi. Ndizipalasa maola anayi, kupita ndi kubwera, kuti bambo azimvera mzungu akulira chibwenzi chake. Pomaliza anandipatsa kalendala.

Tinatumiza mawu kwa alamu kuti abweze wailesi. Koma anali m'kati mwa nyanja, ndipo mvula inali itadula njira ya kudooko. Oyandikana nafe wailesi ali nayo, koma mu Disembala ndani amagula mabatire ufa ukuperewera?

Lamlungu tikutuluka m'tchalitchi, mkulu wa mpingo wa mudzi wina anagwira bambo dzanja ndi manja awiri.

“Pepani ndi zovuta. Mwabwerako liti ku Thyolo?”

Pa wailesi analengeza maliro a azakhali Lachitatu. Kawiri. Anatchula dzina la bambo, anatchula mudzi wathu, anati afike msanga. Anawadikira tsiku lathunthu. Anaika Lachisanu.

Titafika kunyumba bambo anatenga kanthu kaja, naika tizingwe m'makutu, nakhala pakhonde mpaka nthawi ya mauthenga itadutsa. Palibe amene analimba mtima kuwauza kuti achotse.

Ndiye mabwana, kalendala yanu ndayatsira moto. Kalata yopepesa musavutike nayo, bambo sawerenga chizungu. Ndikufuna mkulu uja wa njinga yamoto. Njira akuidziwa, nthawi ya nandolo sanasochere. Abwere, akhale pakhonde pomwepo, awayang'ane bambo m'maso, abwereze mawu aja akuti kuposa wailesi.

Ndipo inu alimi anzanga, wina akadzakulonjezani chinthu chamakono, musafunse kuti chimalira bwanji. Mufunse kuti mabatire amalowera pati.